KODI TIMAOMBERA YANI M'MANJA?

Acinyamata anzanga, nyimbo yokoma ikatha anthu amaomba m'manja. Koma kodi munayamba mwadzifunsapo kuti manjawo amapita kwa yani? Kawiri-kawiri maso onse amakhala pa munthu amene wagwira maikolofoni. Ameneyo ndiye timamdziwa dzina, ndiyenso timamkamba m'njira pobwerera kunyumba. Uja wakhala pambali ataweramira kiyibodi, amene anasankha nyimboyo, nagawa mau, nacezera usiku kuyesa poyambira ndi pothera, timangomuona monga mpando wa m'nyumbamo.

Apa pali funso lofunika kuliganizira mofatsa. Kodi munthu angathe kupereka mphamvu zake zonse pa nchito imene ulemu wake ugwera wina, iye nakhalabe ndi mtendere mumtima? Nanga akafuna kuti nayenso adziwike, kodi walakwa? Funso ili si la oimba okha ai. Limakhudza mlembi wa gulu lanu amene amalemba zonse koma wolankhula ndi wapampando. Limakhudza atsikana amene amatsala kumoto pamene anzao ali pa msonkhano. Limakhudzanso mwana woyamba kubadwa amene analeka sukulu kuti ang'ono ake aphunzire.

Kuti tiliganizire bwino, tiyeni tione moyo wa Richard Carpenter wa ku America. Iye anali woliza piyano ndi kiyibodi, ndiponso wolongosola nyimbo za bandi yochuka ya Carpenters, m'mene anali kuimba ndi mlongo wake Karen. Marekodi a awiriwa anagulitsidwa oposa 100 miliyoni pa dziko lonse. Koma mukafunsa anthu amene amakonda nyimbozo, ambiri amachula dzina limodzi lokha, la Karen.

Mwana amene onse anali kumuyang'ana

Richard anabadwa pa 15 Okutobala 1946 mu mzinda wa New Haven, m'cigawo ca Connecticut. Karen anabadwa pambuyo pake, mu 1950. Atate ao anali ndi marekodi ambiri, ndipo Richard ali mwana anali kukonda kukhala m'nyumba kumvetsera marekodiwo, pamene Karen anali panja kusewera ndi anzake. Anayamba kuphunzira piyano akali wamng'ono, ndipo sipanatenge nthawi kuti onse aone kuti mwanayu ali ndi khutu lapadera. Mu 1963 banja lonse linasamuka kucoka kum'mawa kwa dzikolo kupita ku Downey, pafupi ndi Los Angeles, m'cigawo ca California. Cimodzi mwa zifukwa zake cinali cakuti Richard akapeze mwai pa za nyimbo.

Ku Downey anapemphedwa kuliza ogani mu chalichi ca Methodist, pa mapemphero ndi pa maukwati. Nthawi zina mnyamatayu anali kutenga nyimbo za bandi ya Beatles ndi kuziliza mwa kaimbidwe ka m'chalichi, anthu osazindikira msanga. Kaya zinali zoyenera kapena zosayenera, mukambirane nokha. Koma nkhaniyi itionetsa mphatso yake yeni-yeni: anali kudziwa kubveka nyimbo cobvala cina mpaka mwini wake kuiiwala.

Gwirani mfundo iyi, cifukwa ndi yofunika pa nkhani yathu: m'banjamo, mwana amene onse anali kuyembekeza kuti adzachuka anali Richard. Karen analowa m'nyimbo mocedwa, ku sekondale, ndipo anakonda ng'oma. Mu 1966 awiriwa pamodzi ndi mnzao Wes Jacobs anapambana mpikisano wa mabandi pa bwalo la Hollywood Bowl. Gulu lao linali kuchedwa Richard Carpenter Trio. Dzina linali la Richard, ndipo Karen anali mtsikana wa pa ng'oma cabe.

Zaka zotsatira zinali zobvuta. Kampani ya marekodi ya RCA inawatenga koma inawasiya osatulutsa nyimbo zao. Mu 1967 Richard ndi mnzake wa ku koleji, John Bettis, anapeza nchito yoimba ku Disneyland, koma anacotsedwa cifukwa coimba nyimbo zamakono m'malo mwa nyimbo zakale zimene anauzidwa. Bandi ina imene anayambitsa, ya Spectrum, inapasuka. Khomo linatseguka mu Epulo 1969, pamene Herb Alpert wa kampani ya A&M anamva tepi yao, nawalemba.

Kodi wolongosola nyimbo amacita ciani?

Ambiri timadziwa wopeka nyimbo ndi woimba nyimbo, koma pakati pao pali munthu wacitatu. Timuyerekeze ndi telala. Nsalu ingakhale yokongola motani, si diresi ai. Telala ndiye amapima thupi la wobvala, nadziwa podula, popinda ndi poika mabatani. Nyimbo imene yangopekedwa ili monga nsalu. Wolongosola ndiye amasankha kuti iimbidwe mothamanga kapena mwacifatse, mau ayambire pamwamba kapena pansi, piyano ilowe pati, ng'oma zikhale cete mpaka pati, ndi kuti oimba ena athandize pa mau ati.

Richard anali telala wa mau a mlongo wake. Iye anaona kuti kukoma kwa mau a Karen kunali pansi, pa mau aakulu ofunda amene akazi ambiri oimba sakhala nao. Motero anali kusankha nyimbo ndi kuzitsitsa kuti zikhale pomwepo. Analinso kujambula mau a iye mwini ndi a Karen mobwereza-bwereza, ena pamwamba pa ena, kotero kuti anthu awiri anali kumveka monga kwaya yathunthu. Luso limeneli analitengera ku marekodi a Les Paul ndi Mary Ford amene anali kumvetsera ali mwana.

Taonani zitsanzo. Nyimbo ya "Close to You" inapekedwa ndi Burt Bacharach ndi Hal David, ndipo inajambulidwa koyamba mu 1963. Oimba angapo anaiimba koma siinapite patali. Richard atailandira anasintha kayendedwe kake, naiyamba ndi piyano yofatsa, naikamo lipenga pakati, natsiriza ndi mau ounjikana aja. Mu 1970 nyimboyo inakhala nambala wani mu America kwa milungu inai. Mau ake ndi omwewo, opeka ndi omwewo, woimba ndi wina. Koma cimene cinasintha kwambiri ndi kasokedwe.

Caka comweco Richard anamva kanyimbo pa wailesi ya kanema, kotsatsa malonda a banki ina ya ku California. Anthu ena onse anamva malonda, iye anamva nyimbo. Anafunsa opeka ake, Paul Williams ndi Roger Nichols, ngati inalipo yonse. Imeneyo ndiyo "We've Only Just Begun", imene inaimbidwa pa maukwati osawerengeka. Mu 1971 anamva Bette Midler akuimba "Superstar" pa wailesi ya kanema, nazindikira pomwepo kuti idzamuyenera Karen. Analinso wopeka: iye ndi John Bettis ndiwo analemba "Goodbye to Love", "Top of the World" ndi "Yesterday Once More". Pa "Goodbye to Love", mu 1972, analimba mtima kuika gitala yaukali ya Tony Peluso pakati pa nyimbo yacisoni. Ena analemba makalata odandaula, koma pambuyo pake oimba ambiri anatsata njira yomweyo.

Tsopano onani cobvuta ca nchito imeneyi. Telala akasoka bwino, anthu amatama mkwatibwi. Akasoka moipa, ndipo pamene amafunsa kuti wasoka ndani. Momwemonso wolongosola nyimbo: akaigwira bwino nchito yake, womvera amangomva mau a woimba akulowa mumtima, osadziwa kuti pali wina amene anawalambulira njira. Kupambana kwake ndiko kubisika kwake.

Mau apita kutsogolo

Poyamba Karen anali kuimba atakhala pa ng'oma zake, ndipo anali kukonda zimenezo. Koma anthu obwera ku makonsati anali kufuna kuona mwini mau, ndipo ng'omazo zinali kumubisa. Ca m'ma 1971 anamlimbikitsa kuti aimirire kutsogolo, Richard yemwe ali mmodzi wa omlimbikitsawo. Karen anabvomera monyinyirika. Kuyambira pamenepo maso onse anali pa iye, ndipo kwa anthu ambiri Richard anasanduka woliza piyano wa Karen.

Taganizani mtima wa munthu ameneyu. Banja linasamuka cifukwa ca iye. Bandi yoyamba inali ndi dzina lake. Nyimbo ndiye anali kusankha, kupeka ndi kulongosola. Koma manja anali kupita kwa mlongo wake wamng'ono, amene iye mwini anamkankhira kutsogolo. Panalinso cina. Pa zimbale zao zinai zoyamba panalembedwa kuti woyang'anira kajambulidwe ka nyimbo anali Jack Daugherty. Richard ananena poyera kuti nchito ya nyimboyo anali kuigwira ndi iye, ndipo zinamuwawa kuwerenga olemba nkhani akutama munthu wina. Kuyambira mu 1973 pa zimbale panayamba kulembedwa maina a Richard ndi Karen.

Kodi pamenepa analakwa? Ine ndiganiza kuti sanalakwe. Pali kusiyana pakati pa kufuna coona ndi kufuna ulemerero. Wina akalima munda, wina nalandira zikomo wa zokolola, pamenepo pali bodza, ndipo kukonza bodza si kunyada ai. Nthawi zina timaphunzitsana kudzicepetsa kolakwika, kouza munthu wofatsa kuti akhale cete pamene ocenjera akudya thukuta lake. Kudzicepetsa sikutanthauza kubvomera kuti sunacite cimene unacita. Munthu angathe kunena mwaulemu kuti nchito iyi ndagwira ndine, osanyoza wina ali yense.

Koma njala ya kudziwika ndi cinthu cina, ndipo iyo siikhuta. Amene afuna coona, akacipeza amakhala pansi. Amene ali ndi njala ya manja, manja a dzulo samukwanira lero, ndipo manja opita kwa mnzake amawamva monga ambedwa m'thumba mwake. Mu 1975, ku Las Vegas, woimba Neil Sedaka anali kuimba poyamba a Carpenters asanakwere pa siteji, ndipo anthu anali kumkonda kwambiri. Panabuka kusamvana, Sedaka nacotsedwa pa makonsatiwo. Nkhaniyo inafala m'manyuzipepala ndipo inaipitsa dzina la a Carpenters. Mitima ya anthu sitingaiweruze, koma nkhani yotere iyenera kuticenjeza. Munthu amene wakhala nthawi yaitali akumva kuti samuona, khungu lake limapyapyala, ndipo kaminga kakang'ono kamamlasa monga mkondo.

Cikome-kome ca mkuyu

Kwa oonera kunja, zonse zinali bwino. Analandira mphotho za Grammy zitatu. Mu 1973 anaitanidwa kukaimba ku White House pamaso pa Pulezidenti Richard Nixon ndi mlendo wake Willy Brandt wa ku West Germany. Pa nthawi imene oimba ambiri anali kudziwika ndi camba ndi makhalidwe osokonezeka, awiriwa anali kuonetsedwa monga ana abwino, aukhondo ndi omwetulira, amene kholo liri lonse lingawanyadire. Koma akulu anati cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Pakati pa 1971 ndi 1975 anaimba makonsati oposa 800, kuonjezera pa nchito ya m'situdiyo. Richard anali munthu wofuna kuti ciri conse cikhale cangwiro, ndipo tulo tinayamba kumthawa. Anayamba kumwa mapilisi ogonetsa ochedwa Quaalude. Pang'ono-pang'ono thupi linazolowera, mlingo unakwera, mpaka mapilisiwo anamgwira ukapolo. Mu 1978 anadukiza makonsati ku Las Vegas, ndipo mu Janyuwale 1979 analowa m'cipatala ca Menninger ku Topeka, m'cigawo ca Kansas, kumene anakhala milungu isanu ndi umodzi. Atatuluka anapumula caka conseco, ndipo anacira.

Karen nayenso anali ndi nkhondo yake. Anadwala matenda ochedwa anorexia nervosa, amene munthu amadzimana cakudya cifukwa ca mantha a kunenepa, nadziona wonenepa ngakhale atatsala mafupa okha-okha. Mu 1975 anafooka kotero kuti maulendo ao a ku Europe ndi ku Japan analephereka. Masiku amenewo anthu wamba ambiri anali asanamvepo za matendawa.

Taonani cinthu comvetsa cisoni. Wa kumbuyo anali kubvutika ndi kusaoneka, wa kutsogolo anali kubvutika ndi kuonedwa. Richard anali kumva kuwawa kuti maso sali pa iye, pamene Karen anali kulemedwa ndi maso omwewo. Inu amene mumasirira uja waima kutsogolo, kumbukirani kuti malo amene mukuwalirira mwina mwini wake akuwalira. Walira mvula walira matope.

Wothandiza akasanduka mwini

Pali yesero lina limene limagwera anthu a kumbuyo, ndipo ndi lobisika kuposa nsanje. Ndilo kuyamba kuganiza kuti munthu amene mwamthandiza ndi wanu. Telala amene wasokera munthu mmodzi zaka khumi angathe kukhumudwa akamuona atabvala ca telala wina.

Mu 1979, Richard ali pa mpumulo, Karen anapita ku New York kukajambula cimbale ca iye yekha ndi katswiri wina, Phil Ramone. Nyimbo zake zinali zosiyana ndi za Carpenters: zina zobvinika, zina za mau apamwamba, zina zokamba za cikondi monga mkazi wamkulu. Mu 1980 anaziliza pamaso pa Richard ndi akulu-akulu a kampani ya A&M, ndipo iwo sanakondwere nazo. Cimbaleco cinaikidwa pambali, awiriwo nabwerera ku nchito yao yakale, natulutsa cimbale ca Made in America mu 1981. Mu 1982 Karen anakhala miyezi yambiri ku New York kulandira cithandizo. Pa 4 Febuluwale 1983 anakomoka m'nyumba ya makolo ake ku Downey, namwalira tsiku lomwelo, mtima wake utafooka ndi matenda aja. Anali ndi zaka 32. Mwambo wa maliro unacitikira mu chalichi ca Methodist ku Downey komweko.

Pano tiyenera kusamala. Kungakhale kulakwa kwakukulu kuloza cala mlongo wake ndi kunena kuti ndiye anacititsa. Matenda amenewa ali ndi mizu yambiri, ndipo Richard anali mmodzi wa amene anamdandaulira Karen kuti afune cithandizo. Za cimbale cija anthu amatsutsana mpaka lero. Ena amati Richard anaweruza bwino monga katswiri, ena amati cinayenera kutuluka nthawi yomweyo. Koma funso limene nkhaniyi itipatsa si la kukoma kwa nyimbo. Funso ndi ili: munthu amene mwamkweza akafuna kuyesa kuyenda yekha, kodi mumamlola? Ngakhale mutadziwa kuti inu mukanacita bwino koposa, kodi mungamlole kuti ayese, ngakhale kuphunthwa kumene? Nthawi zina munthu safuna kuti mumuuze ngati nchito yake ndi yangwiro. Amafuna kudziwa ngati inu, amene amakudalirani, mumamuona monga munthu wathunthu kapena monga mau cabe.

Apa ndi pamene pamayesedwa cikondi ca wothandiza. N'kosabvuta kutumikira munthu amene akucita zonse monga inu mufunira, pakuti pamenepo mukutumikira maganizo anu omwe kudzera mwa iye. Kutumikira kweni-kweni kumaoneka tsiku limene iye asankha njira yake.

Zaka za pambuyo pake

Karen atamwalira, Richard anali ndi zaka 36. Bwalo lonse linali lake tsopano, koma mau aja panalibe. Anakwatira mu 1984, nalera ana asanu. Mu 1987 anatulutsa cimbale cake ca Time, koma sicinagulidwe monga za kale. Cimbale cina ca m'ma 1990 anacipatsa dzina longochula nchito zake zinai: Pianist, Arranger, Composer, Conductor, ndiko kuti woliza piyano, wolongosola, wopeka ndi wotsogolera oimba. Dzinalo likumveka monga la munthu amene akufuna kuti dziko lidziwe cimene iye ali.

Koma nchito yake yaikulu m'zaka zonsezi inakhala kusamala mau a mlongo wake. Anatsiriza ndi kutulutsa nyimbo zimene Karen anasiya, kuyambira ndi cimbale ca Voice of the Heart mu 1983. Anakonzanso nyimbo zakale kuti zimveke bwino pa makina atsopano. Mu 1994 pa yunivesite ya ku Long Beach, kumene onse awiri anaphunzira, panatsegulidwa nyumba ya zoimba-imba yochedwa ndi maina ao onse awiri. Mu 1996 cimbale cija ca Karen yekha cinatuluka, Richard atabvomereza, patapita zaka 13 mwini wake atagona. Ndipo mu 2018, ku London, Richard anatsogolera gulu lalikulu la Royal Philharmonic Orchestra kuliza nyimbo pansi pa mau a Karen amene anajambulidwa kale-kale. Ali ndi zaka zoposa 70 anali kucitabe cimene anayamba ali mnyamata: kuyala mphasa kuti mau a mlongo wake akhalepo.

Tsono yankho ndi lotani?

Tinafunsa ngati munthu angagwire nchito imene ulemu wake ugwera wina nakhalabe ndi mtendere. Yankho ndi lakuti angathe, koma pokhapo ngati akonda nchitoyo ndi munthuyo koposa manja.

Ganizani za manja. Amaombedwa mphindi imodzi, natha. Anthu amene anaombera a Carpenters mu 1970 ambiri anakalamba, ena anapita. Koma kuyamba kwa piyano pa "Close to You" kukali pomwepo, ndipo mwana wobadwa dzulo akakumva kumamkhudza, ngakhale sadziwa kuti analiza ndani. Nchito yabwino ili ndi mtengo wake mwa iyo yokha. Mtengowo suonjezeka anthu akaomba m'manja, ndipo sucepa akaiwala. Munthu amene wadziwa ici amamasuka, cifukwa mtendere wake sukhalanso m'manja mwa khamu.

Ndiponso palibe wa kutsogolo wopanda wa kumbuyo, ndipo palibe wa kumbuyo wopanda wa kutsogolo. Richard popanda Karen sanapezenso mau ofanana nao. Karen mau ake anafika ku dziko lonse atabvala nyimbo zimene Richard anasoka. Mutu umodzi susenza denga. Kufunsa kuti wamkulu ndani pakati pa awiri otere kuli monga kufunsa kuti pa mtondo ndi munsi wosinja ndani.

Tsono inu amene muli kumbuyo, inu oliza kiyibodi m'makwaya, ophunzitsa nyimbo, olemba ndi onyamula mabenchi, dzifunseni moona mtima. Mnzanu akatamandidwa pa cinthu cimene munacitira pamodzi, kodi mumtima mumamva kukoma kapena kuwawa? Ngati pali bodza, likonzeni mwaulemu, pamaso pa amene likuwakhudza, osati mwa miseche kuseri. Ngati palibe bodza koma pali kuwawa, dziwani kuti njala ija yayamba, ndipo muigwire ikali yaing'ono. Musadziphe ndi nchito pofuna kuonetsa kuti ndinu ofunika. Tulo ndi mpumulo si ulesi, ndipo botolo kapena piritsi limene likulonjeza kukuthandizani lero lidzabwera mawa kudzatenga malipiro ake. Ndipo amene mwamphunzitsa akakula, nafuna kuima payekha kapena kuphunzira kwa wina, mdalitseni apite. Munamthandiza, simunamgule.

Inu amene muli kutsogolo, ceukani. Mukalandira manja, chulani dzina la amene anakukonzerani njira. Sizikucotserani kanthu, koma kwa iye zingakhale monga madzi pa dzuwa la mwezi wa Okutobala.

Ndipo tonsefe amene timakhala pansi ndi kuomba m'manja tiri ndi udindo waukulu koposa, pakuti njala ya wa kumbuyo ndi katundu wa wa kutsogolo timazipanga ndife. Tiphunzire kuona onse awiri. Uja wa pa kiyibodi mumuuze kuti mwamva cimene wacita. Uja wa mau okoma musangomfunsa kuti adzaimbanso liti. Mfunseni ngati ali bwino, ngati wadya, ngati akugona. Anthu mamiliyoni anamva mau a Karen, koma ocepa okha anazindikira kuti mwini mauwo akutha. Pa gulu lanu pangakhale wina womwetulira amene akutha comweco, ndipo adzamuona ndi amene akonda iye koposa mphatso yake.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Chulani nchito zitatu za pa gulu lanu zimene sizioneka koma zikalekeka zonse zingaime. Kodi ozigwira munawathokoza liti?

2. Kodi mungasiyanitse bwanji munthu amene akufuna coona ndi munthu amene ali ndi njala ya kudziwika? Nanga mumtima mwanu mungazisiyanitse bwanji?

3. Mukanakhala Richard pa tsiku limene Karen analiza nyimbo zake za ku New York, ndipo simunazikonde, mukanamuuza ciani?

4. Mukaona mnzanu akuonda modabwitsa kapena akudalira mapilisi ndi mowa, kodi mungayambe bwanji kulankhula naye, ndipo ndi wamkulu uti amene mungamuuze?